Mabakiteriya a pamizu ya cimanga ndi mmene tingawaphunzitsire m'Cinyanja

Ana ambiri amene tidzawaphunzitse ku Angónia, Tsangano ndi Macanga amacidziwa kale cimanga ca njala: masamba a m'munsi amasanduka acikasu kuyambira kunsonga, ndipo phesi limaonda. Kawirikawiri cimene cimasowa ndi naitirojeni, amene mabuku a Cipwitikizi amamulemba kuti nitrogénio kapena azoto. Magawo 78 pa 100 a mpweya wotizinga ndi naitirojeni yemweyu, komatu palibe mbewu imene ingamutenge yokha mumpweya. Nchito imeneyi imagwiridwa ndi mabakiteriya ena, amene amamusandutsa cakudya cimene mizu ingayamwe.

Kusankha mawu

Tikanena kuti "tizilombo", mwana amaganiza za malungo kapena nankafumbwe, ndipo amamva zoti tiyenera kuphedwa. Conco tiyambe ndi mawu akuti "tamoyo ting'onoting'ono tosaoneka ndi maso". Ana akamvetsa kuti tina mwa ito timathandiza mbewu, m'pamene tingawapatse dzina lakuti mabakiteriya, kenaka la Cipwitikizi lakuti bactérias.

Nyemba ndi cimanga sizifanana

Pamizu ya nyemba, mtedza, soya ndi nandolo pamakhala timibulu mmene mumakhala mabakiteriya a mtundu wa Rhizobium ndi abale ake. Mpweya wa okosijeni ukaculuka umasokoneza nchito yawo, ndipo timibuluti timawateteza. Cimanga, mapira, mpunga ndi tirigu zilibe timibulu totere. Mabakiteriya ake amangokhala pakhungu la muzu kapena m'mipata ya m'kati mwake, n'kumadya shuga amene mbewuyo imapanga. N'cifukwa cake naitirojeni amene amapereka amakhala wocepa poyerekeza ndi wa mbewu za mtundu wa nyemba.

Katswiri amene anaunika kwambiri nkhaniyi ndi Johanna Döbereiner (1924–2000), amene ankagwira nchito ku Seropédica, pafupi ndi Rio de Janeiro, ku Brazil. M'zaka za m'ma 1970 iye ndi anzake anafufuza mabakiteriya a Azospirillum pamizu ya udzu ndi cimanga. Lero alimi ambiri a ku Brazil amapaka mabakiteriyawa pambewu ya cimanga ndi tirigu asanabzale. Mbali yaikulu ya phindu lake imabwera cifukwa amakulitsa mizu, imene kenaka imayamwa bwino madzi ndi cakudya.

Mu 2018 akatswiri analengeza zimene anapeza pa cimanga ca makolo ca ku Sierra Mixe, m'cigawo ca Oaxaca ku Mexico. Cimangaci cimatalika mamita pafupifupi 5, ndipo pamfundo za phesi cimatulutsa mizu yolendewera imene imakha madzi olenda ngati therere. M'madzi amenewa muli shuga wambiri ndi okosijeni wocepa, malo oyenera mabakiteriya. Anapeza kuti magawo 29 mpaka 82 pa 100 a naitirojeni wa cimangaci amacokera mumpweya. Koma cimatenga miyezi yoposa 8 kuti cikhwime, nthawi yoposa dzinja lathu.

Cenjezo kwa ife aphunzitsi

Phunziro la m'cinenero ca kunyumba silithera m'kalasi. Mwana amakalifotokoza madzulo kwa makolo ake, m'mawu amene iwo amamva. Akakanena kuti cimanga cimadzipangira cokha feteleza, banja likhoza kuleka kuthira manyowa n'kukolola zocepa. Tiphunzitse cimene cili coona: mabakiteriya a pamizu ya cimanga amathandiza pang'ono, koma munda umafunabe manyowa, feteleza, ndiponso kusakaniza kapena kusinthanitsa cimanga ndi nyemba, mtedza kapena nandolo, monga mmene makolo athu akhala akucitira.

Zocita

1. Titapempha mwini munda, tizule mosamala tsinde limodzi la nyemba ndi limodzi la cimanga, ndipo titsuke mizu. Ana ajambule zimene akuona.
2. Mphunzitsi adule kambulu kamodzi ka nyemba pakati. Kakakhala kofiirira m'kati, ndiye kuti mabakiteriya akugwira nchito.
3. Mwana aliyense alembe ziganizo zitatu m'Cinyanja zofotokozera agogo ake kusiyana kwa mizu iwiriyo. Tiziwerenge mosamala asanapite nazo kunyumba.