Phunziro: Chimene Chidatembenuza Mtima wa Ayuda

Akatekisiti amafunsidwa kawirikawiri: kodi Israel wa lero adabadwa bwanji? Yankho lake ndi la misozi.

Kale maganizo adali osiyana. Aroma atagumula Nyumba ya Mulungu ku Yerusalemu m'chaka cha 70, Ayuda adanka nabalalika m'maiko a eni. M'chaka cha 1897 Theodor Herzl adaitanitsa msonkhano ku Basel wofuna dziko lao la Ayuda, koma ambiri sadamtsate. Ena adati, kusonkhanitsa fuko ndi ntchito ya Mesiya yekha. Ena adati, kwao ndi ku Germany kapena ku France, kumene adabadwira. M'chaka cha 1903 Angerezi adalonjeza malo ku Kenya, koma otsata Herzl adawakana mu 1905, poti mtima wao udali ku Ziyoni.

Tsoka lidasintha zonse. Hitler atatenga ulamuliro m'chaka cha 1933, Ayuda adalandidwa ntchito, chuma ndi ufulu. Maiko 32 adakumana ku Evian mu 1938, koma pafupifupi onse adakana kuwatsekulira khomo. Chombo cha St. Louis, chonyamula othawa oposa 900, chidabwezedwa ku Cuba ndi ku America mu 1939. Owerengeka okha ndiwo adafika mbali ino, monga ku Lusaka ndi ku Livingstone. Pofika 1945, Ayuda okwana 6 miliyoni adali ataphedwa. Ngakhale nkhondo itatha, mu 1946, ena 42 adaphedwanso ku Kielce, m'dziko la Poland.

Pamenepo ambiri amene kale ankakana adavomera kuti mlendo ndi mame, ndipo fuko lopanda kwao lilibe pothawira. Dziko la Israel lidakhazikitsidwa pa 14 May 1948.

Misozi ina. Pa nkhondo ya nthawi imeneyo Apalestina ngati 700,000, ena mwa iwo Akhristu, adathawa kapena kupirikitsidwa m'midzi yao. Bala limenelo silidapole.

Mkhristu atolepo chiyani? Choyamba, Msonkhano Waukulu wa Vatican, m'chaka cha 1965, udatsutsa chidani chilichonse chodana ndi Ayuda, fuko la Ambuye Yesu ndi la Maria Virigo Woyera. Chachiwiri, kumvera chisoni Myuda sikuloleza kuiwala Mpalestina. Chachitatu, khomo lotsekedwa limapha. Othawa kwao ali pafupi, ku Dzaleka m'boma la Dowa, ndipo ena amaoneka m'misewu ya Lilongwe. Mkhristu wa ku Maula, pokumana nao, akumbukire chombo chija chidabwezedwa padooko.