Volovolo ya agogo yapezeka m'bokosi: muyambire pati?

Pogawa katundu wamasiye, mabanja ena amapeza mfuti ya m'manja itakulungidwa m'kansalu pansi pa bokosi lachitsulo, pamodzi ndi mamendulo a malemu amene anali msilikali wa King's African Rifles, a Keyala aja. Aliyense amafuna kuigwira. Musalole.

Muziitenga ngati ili ndi chipolopolo, ngakhale yachita dzimbiri chotani. Musailozetse kwa munthu, chala chisafike pa kachitsulo kowombera, ndipo ana atalikire. Musaikweche ndi sandipepala kapena kuipaka penti kuti iwale, chifukwa zilembo zimene zikuuzeni mbiri yake n'zing'onozing'ono, sizichedwa kufufutika. Igonekeni pansalu yoyera, panja powala, muijambule ndi foni mbali zonse ziwiri, kenako chilembo chilichonse pachokha chapafupi. Kufufuza konse muchitire pazithunzizo.

Yambani ndi maonekedwe. Ngati pakati pake pali kamgolo kozungulira ka mabowo 6, ndipo mfutiyo ili ndi polumikizira poti ithyokere kutsogolo akamaika zipolopolo, kawirikawiri imakhala ya Angerezi. Yaikulu yolembedwa Webley Mark VI, ya zipolopolo za .455, inayamba kuperekedwa kwa asilikali mu 1915, pa nkhondo yoyamba ya padziko lonse ija makolo ankaitcha ya Chiwaya. Yocheperapo, ya .38, yolembedwa Enfield No. 2, inalowa mu 1932 ndipo ndi ya nkhondo yachiwiri. Funani kachizindikiro konga phazi la nkhuku: boma la Britain linkadinda kamuvi kameneka pakatundu wake wankhondo.

Ikakhala yaphwatalala, yopanda kamgolo, mwina inachokera kwa adani, ndipo apa mpamene nkhani imakoma. Luger ya Ajeremani imadziwika ndi timabatani tiwiri tozungulira kumbuyo kwake. Pamwamba pamakhala dzina la fakitale, monga DWM kapena Erfurt, ndipo zambiri za asilikali zili ndi chaka chimene zinapangidwa. Ajeremani anamenyana ndi a Keyala ku Karonga mu Seputembala 1914, nkhondoyo n'kupitirira ku Tanganyika ndi ku Mozambique mpaka 1918. Yaing'ono yolembedwa Beretta ndi ya Mataliyana, amene asilikali a ku Nyasaland analimbana nawo ku Somaliland ndi ku Abyssinia mu 1940 ndi 1941. Pambali pa chaka pamakhala manambala achiroma, monga XVIII, owerengera zaka za ulamuliro wa Mussolini kuyambira 1922. Ya zilembo zachijapani, Nambu, ikulozerani ku Burma. Imeneyi imanena mpaka mwezi: mukaona 18.6, wonjezerani 1925 pa nambala yoyambayo, mupeza Juni 1943.

Chitsulo chimangonena kumene chinasulidwa, osati amene anachinyamula. Msilikali wamba wachikuda ankapatsidwa mfuti yaitali. Za m'manjazi zinali makamaka za maofesala. Choncho ya agogoyi mwina anaitola kunkhondo, mwina anapatsidwa ndi bwana wawo, mwinanso anaipeza nkhondo itatha kale. Kuti mudziwe, yerekezani ndi zina za m'bokosimo. Mamendulo a nkhondo yoyamba amakhala ndi dzina ndi nambala ya msilikali m'mphepete mwake. Mamendulo ooneka ngati nyenyezi a nkhondo yachiwiri ankaperekedwa opanda dzina, koma amatchula dera: Nambu yogona pambali pa Burma Star ndi umboni wogwirizana. Pepala limene anapatsidwa potuluka usilikali musalitaye. Nambala yawo ndi imene mungayambire pokafunsa ku National Archives ku Zomba.

Pitaninso kwa azakhali kapena amalume amene anamva nkhaniyo pakamwa pa malemu. Afunseni modekha, mujambule mawu awo pafoni. Ineyo ndimaona kuti apa mpamene pagona mtengo wake wa mfutiyi, ndipo m'pofunika changu, poti chitsulo chidikira koma okalamba sadikira. Zimene anena zikasemphana ndi zilembo, lembani zonse ziwiri osatsutsa munthu.

Pomaliza pali lamulo, ndipo silimva zoti mfutiyo ndi chikumbutso. Ku Malawi munthu sasunga mfuti popanda chilolezo, ndipo chilolezo cha malemu sichisanduka chanu. Amene muli ku Britain samalani koposa, chifukwa mfuti zambiri za m'manja zinaletsedwa kumeneko mu 1997. Musainyamule m'chikwama n'kukwera nayo minibasi. Itsekereni pamalo otetezeka, mwinimbumba kapena woyang'anira chumacho apite kupolisi ndi zithunzi zokha, akafotokoze mmene yapezekera. Apolisi ndiwo aone ngati muli chipolopolo ndi kukuuzani zoyenera kuchita. Akaitenga, pemphani kalata yolembapo mtundu wake ndi nambala yake. Ngati banja likufuna kuti isawonongedwe, funsani ngati ingakasungidwe kumyuziyamu, monga ya ku Chichiri mu Blantyre, pamodzi ndi dzina la mwini wake. Zithunzi zija tsukitsani, nthambi iliyonse ya banja ikhale ndi zake.