Kudzutsa ampu yakale ku Karonga: musathamangire soketi

Maampu a Sansui, Pioneer ndi Kenwood a zaka za m'ma 1970 amapezekabe m'makomo ku Karonga, ena obwera ndi agogo a ku Joni, ena olowera pa Songwe kuchokera ku Tanzania. Ambiri amapsa tsiku lomwe mwiniwake wawatulutsa kunsi kwa bedi kuti awayese.

Yambani ndi kuwerenga zolembedwa kumbuyo kwake. Magetsi a ESCOM ndi 230V, koma ampu yopangidwira msika wa ku Japan imafuna 100V, ya ku America 120V. Ikakhala ndi kotembenuzira mphamvu, kaikeni pa 240V. Kakasowa, pezani thiransifoma yotsitsa magetsi.

Tsegulani chivindikiro ampuyo isanaone magetsi. Sesani fumbi, zisa za mavu ndi zitosi za mphemvu ndi kaburashi kouma. Onani fyuzi, mukapeza kuti wina anamangapo waya, dziwani kuti pali vuto limene analibisa. Ikani fyuzi ya nambala yolembedwa pamenepo, osati yokulirapo.

Dekhani pa makapasita. Kutentha kwa kuno kunyanja, makamaka mu Okutobala ndi Novembala, kumaumitsa madzi a m'kati mwake msanga. Otupa pamutu kapena odontha achotseni. Atsopano akhale a microfarad ofanana, voltage yofanana kapena yoposerapo, ndipo ngati alipo, sankhani olembedwa 105°C m'malo mwa 85°C. Mwendo wa minasi usapite kwa pulasi, apo ayi kapasita imaphulika. Makapasita akuluakulu aja amasunga magetsi ngakhale ampu itazimitsidwa. Akhuthuleni kudzera mu resistor, osati ndi sikuludiraiva, ndipo muyeze ndi mita musanagwire.

Poyatsa koyamba, lumikizani babu lakale lija la kawaya m'kati, la 60W, pa waya wa moto pakati pa soketi ndi ampu. La LED silithandiza. Babu likawala kamphindi n'kuzilala, zili bwino. Likawalabe kwambiri, zimitsani: pali shoti, kawirikawiri pa ma transistor otulutsa mawu kapena pa ma diode a magetsi. Pogula ena chenjerani, pakuti abodza ndi ochuluka, makamaka olembedwa STK. Musaiwale kupaka phala loyera lodutsitsa kutentha pakati pa transistor ndi chitsulo choziziritsa.

Masipika adikire kaye. Ikani mita pa DC, voliyumu ili pansi, muyeze potulukira mawu. Mukawerenga pansi pa 50mV, lumikizani sipika yotchipa. Mukawerenga ma volt athunthu, sipika iliyonse ipsa.

Kukwerekesa potembenuza voliyumu kawirikawiri ndi litsiro chabe: poperani mankhwala otsukira maswitchi, mupotoze kangapo.

Za kusintha zina, ine ndimangolola kachifani ka 12V kochokera mu kompyuta yakufa, koyang'ana pa chitsulo choziziritsa. Kulumikiza masipika anayi mbali imodzi chifukwa cha ukwati, ayi. Awiri okha a 8 ohm, olumikizidwa pamodzi, amatsitsa katundu kufika pa 4 ohm, ndipo maampu ambiri akale amalekeza pomwepo.