Tirigu: phindu limayambira pa mbewu

Amene mumaphika mandasi, masikono ndi buledi mukudziwa mmene mtengo wa fulawa umapwetekera. Tirigu wambiri amene timadya m'Malawi muno amachokera kunja ndipo amagulidwa ndi ndalama zakunja. N'chifukwa chake kwacha ikagwa, kapena kukabuka nkhondo ngati ya Russia ndi Ukraine mu 2022, thumba la fulawa limakwera ife tili phee pamsika.

Komatu tirigu amalimidwa konkuno, monga ku Tsangano m'boma la Ntcheu, ku Neno, ku Dedza ndi kumapiri a Rumphi. Ena mwa inu mumakapikula kumeneko. Ena mumagulitsa mbewu, kapena kukongoza alimi mbewu kuti adzakugulitseni zokolola. Sabata ino tikuti mbewu yobereka kwambiri ndi imene ikugwirizana ndi malo anu, osati yomwe yangotchuka kwina.

Choyamba, funsani za madzi. Tirigu amafuna nyengo yozizira. Kumapiri alimi amadzala mvula ikamapita kumapeto, kuti mbewu ikule ndi chinyontho chotsalira m'nthaka ndi mvula yowaza ya chiperoni. Kumeneko pamafunika mtundu wopirira chinyontho chikachepa, ndipo alimi a ku Tsangano akhala akudalira Kenya Nyati kwa zaka zambiri. Tirigu wothirira amadzalidwa cha mu April kapena May kuti amasule m'nyengo yozizira. Mitundu yake kawirikawiri imakhala yaifupi, yosagwa msanga ikalandira feteleza ndi madzi ambiri. Mukaitengera kumunda wodalira mvula yokha, zokolola zomwe munamva sizioneka.

Chachiwiri ndi matenda. Mdani wamkulu wa tirigu ndi dzimbiri, matenda omwe amasiya ufa wofiirira kapena wachikasu pamasamba ndi pamapesi, njere n'kufota. Matendawa amayenda ndi mphepo ndipo amasinthasintha, motero mtundu womwe unkapirira kale utha kugonja lero. Musadalire mbiri yakale. Funsani alangizi a zaulimi a m'deralo kuti ndi mtundu uti ukupirirabe.

Chenjeraninso ndi mbewu yodutsa m'njira zachidule pamalire. Mu 2018 ku Mpika m'dziko la Zambia kunapezeka matenda otchedwa wheat blast, omwe amayeretsa ngala, n'kukhala yopanda njere. Amakonda nyengo yofunda ndi yachinyontho, ndipo amatha kuyenda ndi mbewu. Thumba limodzi lotchipa litha kuwononga minda ya mudzi wonse womwe mumapikulako.

Chachitatu, ganizirani wogula wanu. Ophika buledi amafuna tirigu wolimba, amene fulawa yake imananda bwino ndi kufufuma. Tirigu wofewa amayenera mabisiketi ndi makeke. Kuti mudziwe, lumani njere pakati. Yolimba imaoneka ngati galasi mkati, yofewa imakhala yoyera ngati ufa. Mukatafuna njere zingapo kwa kanthawi n'kutsala kachinthu konanda ngati chingamu, ameneyo ndi wa buledi. Pogula musasakanize mitundu m'thumba limodzi, chifukwa wogula wozindikira amatsitsa mtengo.

Musanapereke ndalama, yesani mbewuyo. Chikomekome cha mkuyu mkati muli nyerere. Werengani njere 100 kuchokera m'matumba osiyanasiyana, muzikulunge m'nsalu yonyowa, muziike pamthunzi ndi kumawaza madzi kwa sabata imodzi. Zikamera 85 kapena kuposa, mbewuyo ndi yabwino. Zikachepera pamenepo, mlimi adzafunika mbewu yambiri pamunda womwewo, ndiye mtengo utsike kapena muisiye.

Ubwino wa tirigu ndi wakuti mlimi atha kusunga mbewu yake kwa zaka zingapo osasintha mtundu, bola ikhale youma, yopanda anankafumbwe ndiponso yosasakanikirana ndi ina. Choncho mtundu watsopano musayambe nawo ndi mpamba wonse. Gawirani alimi awiri kapena atatu pang'ono, adzale moyandikana ndi mtundu wakale, ndipo pokolola muyeze pasikelo, osati ndi maso. Mtundu womwe wapambana pamunda wa m'dera lomwelo, ndipo wogula wanu waukonda, ndiwo woti muikepo ndalama chaka chamawa.