Pa Likoma, limani zomwe zimavunda m'sitima

Alimi anzanga, sabata ino tiyeni tikwere sitima tipite pa chilumba cha Likoma.

Amene anaimapo pagombe Ilala ikufika kuchokera ku Nkhata Bay amadziwa katundu amene amatsitsidwa: matumba a chimanga ndi ufa, shuga, mafuta ophikira, ngakhale kabichi ndi tomato. Zina zimabwera pa mabwato kuchokera tsidya la Mozambique. Anthu amagula zonsezi makamaka ndi ndalama za usipa ndi utaka. Malo ndi ochepa, masikweya kilomita pafupifupi 18, nthaka yake yamchenga ndi miyala. Kalembera wa 2018 anapeza anthu oposa 14,000 m'boma lonselo, kuphatikizapo Chizumulu.

Ambiri akaona matumba aja amati, "Bwanji osalima okha chimanga?" Inenso ndinkaganiza choncho ndisanakhale pansi kuwerengera.

Pa hekitala imodzi ya chimanga cha haibulidi alangizi amatiuza kuthira matumba awiri a feteleza wokulitsa ndi atatu a Urea. Matumba asanu amenewa nawonso akwere sitima yomweyo, alipiridwe, anyamulidwe pamutu kukafika kumunda. Mbeu chimodzimodzi. Mukathira pa mchenga, mvula yamphamvu ikagwa kawiri katatu chakudya cha mbeu chija chimalowerera pansi pomwe mizu singafike. Pamene kwacha inagwetsedwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ufa unakwera mtengo, koma feteleza sanatsalire. Tsono mlimi wa pachilumba akupikisana ndi mnzake wa ku Mzimba amene ali ndi nthaka yabwino ndi msewu pafupi. Chimanga chouma sichivuta pa ulendo. Chimatha kukhala m'thumba sabata yathunthu chikudikira sitima osaonongeka. Mpikisano umenewu kupambana n'kovuta.

Tomato ndi nkhani ina. M'magawo khumi a tomato, oposa asanu ndi anayi ndi madzi. Wogeni amalipirira madzi kuti aoloke nyanja! Akafika, wapansi pa dengu waphwanyika, wina wayamba kuvunda, ndipo ndalama ya wotayikayo imaonjezedwa pa mulu umene inu mugule. Mpiru, repu ndi chainizi ndiye zimafota tsiku lomwelo. Apa mpamene mwini dimba la m'mbali mwa nyanja ali ndi mwayi: madzi ali pakhomo chaka chonse, manyowa a mbuzi ndi nkhuku alipo, ogula ndi sukulu, malo ogona alendo ndi mabanja a asodzi. Chofunika ndi mpanda wolimba, chifukwa mbuzi za kumeneko sizichita manyazi. Musafese nonse mwezi umodzi. Msika ndi waung'ono, madengu ochepa chabe amagwetsa mtengo.

Nanga nsima? Apa ndikupemphani kuti musasiye chinangwa, ngakhale achinyamata ena ayamba kunyoza kondowole. Chinangwa chimapirira pa mchenga popanda feteleza, ndipo nkhokwe yake ndi nthaka yomweyo: mumakumba tsiku limene mwafuna. Mu 2012 Ilala inakhala miyezi yambiri ikukonzedwa, ndipo chaka chilichonse mphepo ya mwera imaimitsa mabwato masiku angapo. Nthawi zotere ndalama m'thumba siidyeka. Banja limene lili ndi mizere ya chinangwa ndi mbatata kuseri kwa nyumba limadikira mtima uli m'malo.

Komabe chinangwa nacho chimafuna diso. Akuluakulu a ku Nkhata Bay sadzaiwala momwe kodikodi anasakazira minda cha m'ma 1986. Musatenge mitengo yobzala pa munda umene masamba ake ndi opiringizika kapena amawanga achikasu. Zulani chodwalacho msanga, ndipo musaolotse mbeu yosadziwika kuchokera kwina musanawaonetse alangizi.

Mvula isanayambe, tengani kope mulembe zimene banja lanu lagula kuchokera m'sitima mwezi uno, ndi mtengo wake. Chongani zonse zimene zinafika zitafota kapena zitaphwanyika. Dimba lanu liyambire pa zimenezo.