Bondo likamapola, musaiwale maganizo a wosewera

Wosewera mpira akavulala, maso a onse pakhomo amakhala pa chikhakha, pa ndodo zoyendera ndi pa tsiku lobwerera kuchipatala. Zimenezo n'zofunika, koma kuvulala kwa pabwalo kumalowereranso m'maganizo, ndipo kumeneko n'kumene kumachedwa kupola. Mnyamata amene ankalawirira kokonzekera masewero tsopano akungoswera pakhonde, kumvetsera pa wailesi timu yake ikusewera, dzina la mnzake likutchulidwa pamalo pomwe panali pake. Kandalama ka bonasi komwe kankagula ndiwo kasiya kubwera. Anzake amadzamuona sabata yoyamba, kenako phazi limachepa. Munthu wotere wataya ntchito, macheza ndi mbiri yake nthawi imodzi, choncho musadabwe tulo tikamamusowa kapena akamapsa mtima ndi tinthu tating'ono.

Umboni wake ukuonekera bwino pa bondo. M'kati mwa bondo muli mtsempha umene madokotala amautcha ACL, womwe umaduka kawirikawiri munthu akatembenuka mwadzidzidzi kapena akatera molakwika, monga zimachitikira pa mpira wamiyendo ndi wa ntchemberembaye. Ukakonzedwa pa opareshoni, pamatenga miyezi 9 kapena kuposerapo ya mafizo kuti munthu abwerere pabwalo. Kafukufuku wa mu 2014, yemwe anaphatikiza zotsatira za m'mayiko osiyanasiyana, anapeza kuti mwa osewera 100 alionse ochitidwa opareshoniyi, 81 anayambiranso masewero ena ake, koma 55 okha ndiwo anabwerera ku mipikisano. Chifukwa chimene ambiri mwa osabwererawo amatchula ndi kuopa kuvulalanso. Bondo lingakhale lalimba ndithu, koma mwini wake salikhulupirira: amazengereza polimbirana mpira, amatera ndi mwendo umodzi wokha, ndipo kusewera kokayikakayika koteroko kungamuvulazenso.

Alipo amene anganene kuti wolimba mtima amabwerera basi, n'kutchula Mwai Kumwenda wa ntchemberembaye. N'zoona, mtsempha womwewu unamudukira mu 2018 akusewerera Melbourne Vixens ku Australia, ndipo mu 2020 timu yake itatenga chikho, iye ndiye anasankhidwa kuti wasewera bwino koposa pa masewero omaliza. Koma taonani kuti ngakhale katswiri wotere, wokhala ndi madokotala ndi anthu a mafizo a timu, anakhala panja miyezi yambirimbiri. Mtsikana wa timu ya pasukulu kapena mnyamata wa ligi ya m'boma alibe zonsezo. Amene ali naye pafupi ndi mayi ake, bambo ake ndi abale ake. Mawu oti "limba mtima, ndiwe mwamuna" amanenedwa mwachikondi, komabe amene akuwamva amaphunzirapo kubisa zimene zikumudya. Kumukakamiza kuti abwerere msanga chifukwa kukubwera masewero a chikho n'koopsa kwambiri, pakuti amene amathamangira pabwalo miyezi 9 isanakwane ndiwo amavulalanso kawirikawiri.

Ena amaopa kuti kukamba za mantha kumawakulitsa. Sizili choncho. Mantha amachepa munthu akawatchula, n'kumakumana nawo pang'onopang'ono: kuyenda kaye, kenako kuthamanga molunjika, kenako kukhota, mpira wolimbirana pamapeto, zonse motsatira malangizo a achipatala. Enanso amaganiza kuti wovulalayo amuchita chipongwe anzake olimbirana naye malo. Banja lili ndi ufulu pa zikhulupiriro zake, koma kusakasaka womulodza kumamuchotsera anzake omwe akuwafuna kwambiri nthawi imeneyi, ndipo kumadya ndalama yoyendera ku mafizo.

Zimene apakhomo angachite sizilira chuma. Mufunseni mmene akumvera mumtima, osangoti "mwendo uli bwanji?", ndipo akayamba kuyankha musamudule. Mpatseni ntchito zimene angathe, azidzuka ndi kugona nthawi yake. Pemphani mphunzitsi wa timu kuti azimuitana kokonzekera masewero, ngakhale kukangokhala pabenchi kapena kuthandiza ana. Mukamawerengera kuchira kwake, yang'anani za sabata ino, monga bondo kupindika kuposa sabata yatha, m'malo momufunsa tsiku ndi tsiku kuti ayamba liti kusewera.

Kukhumudwa masiku oyambirira n'kwachibadwa. Koma kukapitirira masabata awiri, munthu osadya, osagona, kudzitsekera m'nyumba, kusiya mafizo, kuyamba mowa, chamba kapena kumwa mankhwala opha ululu mopyola muyeso, amenewo angakhale matenda a maganizo, ndipo amachizika. Ngati anagunda mutu pabwalo kenako khalidwe n'kusintha, kuiwalaiwala kapena kumva mutu kosalekeza, auzeni achipatala msanga. Yambirani kwa alangizi a zaumoyo a m'dera lanu kapena pachipatala cha boma, komwe angakutumizeni kwa anamwino oona za maganizo. Thandizo lapadera lilinso ku Zomba Mental Hospital ndi ku St John of God ku Mzuzu ndi ku Lilongwe. Akayamba kunena kuti moyo wamukwana kapena kuti bola kufa, musaziyese nthabwala ndipo musamusiye yekha: chotsani mankhwala, zingwe ndi tameki pafupi naye, n'kupita naye kuchipatala tsiku lomwelo.