Yankho la Kalata: Zitsiru za ku Ireland

Zikomo mayi athu a ku Mzuzu chifukwa cha kalata yanu. Mwafunsa za mawu oti "amadán", amene wansembe wa ku Ireland ankakalipira nawo anyamata opulupudza pa mishoni. Mayi, ankawanena kuti zitsiru!

Mawuwa ndi a chilankhulo cha makolo cha ku Ireland, chimene amachilankhulabe tsiku ndi tsiku m'madera ena a Donegal, Galway ndi Kerry. Chitsiru chachikazi amati "óinseach". "Pleidhce" ndi wopusa wokonda zibwana, "leibide" ndi wosalabadira chilichonse, pomwe "gligín", dzina la kabelu kakang'ono, amapatsa munthu wolongolola zopanda mutu.

Koma musadandaule, "amadán" amanenanso mwachikondi, monga agogo akamati "chitsiru iwe" kwa mdzukulu uku akuseka. Mudzatilemberenso, mayi.